Mazenera a Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la polishi wofiira losakanikirana ndi utomoni wa paini, fungo lomwe linkatsika nawo m'Phiri la Zomba madzulo aliwonse n'kulowa m'nyumba yathu ku Chikanda iwo asanavule nsapato. Ankagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pa nyumba ina ya alendo pamwamba pa phiripo, kuchokera amayi anga ali mtsikana.

Matipate atangobwera, nyumba ija inagulidwa ndi anthu ena, ndipo manijala watsopano anati aliyense alembe kalata yofotokoza ntchito zake. Maso a agogo anali atayamba kuchita nkhungu, choncho Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anandikhazika pa khonde. Ndinali Sitandade 7.

"Esinati, lemba monga amakuphunzitsira. Adiresi kumanja, deti pansi pake. Usadetse pepala."

Anatchula ntchito zawo pang'onopang'ono, ngati akuyenda m'nyumbamo: kuphula phulusa m'malo oothera moto alendo asanadzuke, kutsuka zimbudzi, kupaka polishi m'makonde mpaka simenti iwale, kuchotsa akangaude kudenga. Atafika pa mazenera a m'chipinda cham'mwamba, anagwira bondo lawo. Ine ndinkadziwa chifukwa chake. Mwezi wathawo anaterereka pa makwerero, n'kubisa bondo lotupa kuti asawachotse ntchito.

"Ndilembe kuti mumatsukanso mazenera?"

Anasisita bondo lija nthawi yaitali, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo.

"Iyayi. Lemba kuti mazenera am'mwamba sindingathenso. Akandichotsa, andichotse ndikuyenda ndi miyendo yanga."

Ndinalemba ndi mantha, chifukwa tonse pakhomopo tinkadya za tsache lawolo. Anasaina okha, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala.

Sanawachotse. Makwerero anapatsidwa mnyamata wina wa ku Zakazaka, agogo n'kutsala ndi zapansi. Amayi anavina pabwalo, koma agogo sanaseke. Ndinawafunsa chomwe chinkawadandaulitsa.

"Pa zenera lakum'mawa lija, kukacha bwino, munthu umaona mpaka ku Mulanje, kumene ndinabadwira," anatero. "Ndinkalitsuka komalizira, kuti ndichedwepo pang'ono."

Anagwirabe ntchito mpaka mphamvu zinatha, osakweranso. Tinawaika ku Zomba konko.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre. Ndikapeza amayi otikolopera ataima pa zenera, mopu ili m'manja, maso ali kutali, sindiwapatsa moni msanga. Ndimadutsa mwakachetechete, ndiwasiye aone.