Chingwe cha a Fakiri

Amuna anga a Fakiri anali dobi, ndipo mukafuna kuwaputa muwatchule kuti wochapa zovala. Ankati zovala amachapa aliyense, koma dobi amachapa zoyera. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata panyumba ya mmwenye wina paboma ku Nkhotakota, ndipo titasamukira kufupi ndi Dwangwa anamanga chingwe chachitali kuchokera pamtengo wa mango mpaka pamzati wa khonde. Pamenepo pankalendewera mikanjo ya mashehe, mayunifolomu a anamwino ndi malaya a aphunzitsi, zonse zoviikidwa mu buluu ndi kuumitsidwa ndi sitachi wa chinangwa. Ine Aziza, mkazi wawo wowaberekera ana, sankandilola kuyanikapo ngakhale mpango.

Matipate atabwera, aliyense wa kandalama anatsegula chake. Munthu wina wa ku Lilongwe anagula malo kummwera kwa nyumba yathu n'kumangapo kafakitale kophika sopo. Moto wake ankasonkhezera ndi malasha, ndipo malasha akasowa ankathirapo oyilo wakuda wotha ntchito m'magalimoto. Chumuni chake chinali chachifupi. Mwera ukayamba kuomba mu Juni, utsi wonse unkalunjika pachingwe cha a Fakiri ngati alendo oitanidwa, n'kusiya timadontho ta mwaye pa chilichonse choyera.

Munthu wanzeru akanasamutsa chingwe, kapena kuyanika m'nyumba. Ndinawauza zimenezi mpaka pakamwa kuuma. Iwo anati chovala choyera chimafuna dzuwa, ndipo chingwe chinabwera kale fakitale isanabwere, choncho wosamuka akhale fakitaleyo. M'malo mwake anayamba kuchapa motsata mphepo. M'mawa ankatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba. Likapita kummwera, ndiye kuti ndi mpoto, ankachapa. Likabwerera kunyumba, ankakhala pampando manja ali m'khosi. Nanga mwera wa kunyanja kuno umamva za dobi? Umaomba masabata osapuma, zovala za eni zili mulu pakona.

Namwino wina, mayi Benedicta, anabwera kangapo kudzatenga yunifolomu yake. Nthawi iliyonse a Fakiri ankaiyang'ana padzuwa, kupezapo kadontho, n'kuibwezera m'madzi. Mayiyo anachonderera kuti kadontho kamodzi sikapha wodwala, koma iwo anati dzina lawo silituluka pakhomo lili ndi mwaye. Tsiku lomaliza mayiyo anaitenga ili yonyowa ndipo sanabwerenso. Aphunzitsi anatsatira. Shehe wa pamzikiti wathu anapirira chifukwa cha ulemu, koma atapemphera Lachisanu kawiri ndi mkanjo wobwereka, nayenso anatuma munthu kudzatenga wake.

Pomwepo antchito a kufakitale anayamba kubwera ndi maovololo awo amafuta. Woyamba anali Alufandika, bambo wa ku Karonga wosonkhezera moto, yemwe mkazi wake anatsala kwawo. A Fakiri anangoyang'ana ovololoyo n'kutembenuka. Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma amuna anga ngakhale kuviikako ayi. Ndinapsa mtima, ndinailanda ovololoyo pamaso pawo n'kukaichapa ndekha. Pachingwe anandikaniza, ndiye ndinkayanika pampanda kuseri kwa bafa. Maovololo anachuluka, ndipo ndi amene ankatidyetsa. A Fakiri ankadya osafunsa kuti ndiwo zachokera kuti, koma akatha kusamba m'manja ankayambanso kutukwana chumuni.

Popeza inali nthawi ya ufulu wolankhula, iwo analankhula. Msonkhano uliwonse wa chipani, kaya chachikasu, kaya cha tambala, a Fakiri anali kutsogolo atanyamula malaya amadontho. Onse ankawaombera m'manja, onse ankalonjeza, ndipo ankabwera kunyumba ndi nsalu ya chipani yomwe sakanaiyanika n'komwe pachingwe chawo chifukwa sinali yoyera.

Chimene chinawamaliza ndi wailesi. Masana ena mkulu wina ankafotokoza kuti utsi wa m'mafakitale uli ndi mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko lonse lapansi, koma wochuluka ukuchokera kumayiko akuluakulu. Anati wa timayiko ngati Malawi ndi wochepa kwambiri, moti powerengera suoneka n'komwe. A Fakiri anaimirira n'kuiloza wailesi ndi chala.

"Suoneka? Abwere kuno aone pachingwe panga ngati suoneka."

Ndinawauza kuti munthuyo akunena mpweya wina wosaoneka ndi maso, osati mwaye wawowu. Ndinangowonjezera moto. Anati ndiye kuti chumuni chimenechi chili ndi milandu iwiri, wina woonekera ndi wina wobisika, ndipo palibe amene akuchizenga ngakhale umodzi. Wailesi anaitsekera m'sutikesi sabata yathunthu ngati ndiyo yalakwa.

Fakitale sinatsekedwe ndi msonkhano kapena ndi boma. Inatsekedwa ndi sopo wotchipa wochokera kunja amene anadzaza m'magolosale a pa Dwangwa. M'mawa wina chumuni sichinafuke, ndipo antchito anauzidwa kuti azipita kwawo. A Fakiri anavala mkanjo wawo, nayenda uku ndi uku pabwalo akuyamika Mulungu. Ine ndinali nditakhala pakhonde, beseni lili lopanda kanthu.

"Mwapambana, bambo a Mariam," ndinatero. "Nanga mawa tidya chiyani?"

Iwo anapukuta chingwe chonse ndi kansanza konyowa, nasonkha makala m'simbi, n'kukhala pansi kudikira zoyera. Koma anamwino anali atazolowera kuchapa okha, aphunzitsi anali atayamba malaya amitundumitundu a pakaunjika, ndipo shehe anali atapeza dobi wina ku Nkhunga. Mwera unaomba woyera bwino chaka chimenecho, ukugwedeza chingwe chopanda kanthu. Ndinkawakwiyira, koma ndikawaona akupukuta chingwe chija m'mawa uliwonse, chisoni chinkandigwira mpaka kulowa m'nyumba.

Kuseri kwa bafa kunatsala ovololo imodzi. Inali ya Alufandika, yemwe ananyamuka mothamanga kupita ku Karonga osadzaitenga. Tsiku lina ndikuchokera kumunda wa chinangwa ndinapeza a Fakiri ataichapa okha, ataithira sitachi, ataiyanika pakati penipeni pa chingwe chawo. Anali ataima pambali pake ndi simbi yotentha, akuyembekeza kuti iume.

Ndinafuna kuwaseka, mawu ndinali nawo kale pakamwa. Iwo sanandiyang'ane.

"Mwina mwini wake abwera," anatero. "Asadzaipeze yakuda."