Ng'oma ya Bambo Inaonda ku Joni

Ndinaganiza zochoka pa famu ya fodya ya ku Darwendale chaka chimene foromani anandilemba kuti ndizisonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Bambo, amene ankaimba ng'oma pa gule wa m'komboni, atamva kuti ndikufuna kukaphunzira zojambula nyimbo ku Joni anangoti, "Ukusiya fodya kukasewera ndi mawaya?" Sanandiperekeze ku basi.

Ku Joni ndinayamba ndi kusesa mu situdiyo yojambulira nyimbo. Ndalama zinkathera lendi, zotsala ndinkatumiza kwathu mwamanyazi. Oyankha makalata anali amayi okha, ndipo sanandibisire kuti bambo dzina langa salitchula. Zinkandipweteka kwabasi. Lamlungu ndinkangodzitsekera, n'kumamvera kaseti ya ng'oma za kwathu imene ndinajambula ndisananyamuke.

Wosakaniza nyimbo anali a Fernando, mkulu wa ku Tete wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Munthu uja anali ndi makutu, zonama ayi. Tsiku lina anatapa kachidutswa ka ng'oma ya bambo pa kaseti ija nakaika m'nyimbo. Ng'omayo ndi gitala ya besi zinayamba kulimbana, zonse zikugunda pansi, phokoso lokhalokha. Iwo anapotoza kabatani n'kuchotsa kulemera konse kwa ng'oma. Payokha inkamveka ngati chitini.

"Mwaipha ng'oma ya bambo anga," ndinatero, mtima utawira.

"Khala pansi, mwanawe. Pansipa ndi pa besi. Tamvera zonse pamodzi."

Atatsegula zonse, ng'oma ija inatulukira bwinobwino, mpaka ndinamva chikhatho cha bambo chikutera pa chikopa. Kuyambira tsikulo anandiphunzitsa kusefa mawu: kudula pansi apa, kuchepetsa kuthwa apo, kuti chida chilichonse chipume. Ena amatchuka ndi kuwonjezera, koma wodziwa kuchotsa ngati mkulu uja sindinamuonenso.

Patapita zaka ndinabwerera, nyimboyo ili m'chikwama, mtima uli m'mwamba. Ndinaiika pa wailesi pakhonde masana, anthu a m'komboni atazungulira. Bambo anamvetsera osagwedeza ngakhale mutu.

"Ng'oma yangayi yaonda. Waitani?"

Ndinafotokoza kuti tinaidula pansi kuti ipatse malo besi. Iwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ng'omayo komanso mpeni. Pakati pa chikopa panali phula lakuda limene amamata kuti ng'oma ilire mozama. Anapalako pang'ono, naigunda, mawu ake n'kukwera.

"Akabwera a Phiri a ku famu inayo ndi ching'oma chawo chija, ine ndimapala chonchi kuti tisatsekerezane. Ndi zimenezi umachita?"

"Ndi zomwezo, baba."

"Ndiye amakulipira?"

Nditavomera anaseka mpaka kutsokomola, ine misozi ili lengelenge. Kenaka anakodola mnzawo amene ankadutsa pa njinga.

"A Banda, tatsikani mumve ng'oma yanga. Yosefe wangayu basa lake ndi lopala phula ku Joni."