Achule a Mkazi Wanga

Mkazi wanga anali mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya pulaimale kufupi ndi Nsaru, ndipo ankakonda achule. Loweruka lililonse m'dzinja ankavala jombo zanga, kunyamula kope ndi botolo, n'kukwera phiri la kuseri kwa mudzi wathu, kumene madzi amatuluka m'ming'alu ya miyala. Kawiri kapena katatu ndinamuperekeza. Ankagwada m'matope n'kumavundukula masamba owola pang'onopang'ono, mpaka atapeza kachule kochepa ngati chikhadabo. Ankakajambula m'kope, kenako n'kukabwezera pomwe wakapeza. M'botolo ankangotengeramo mbululu zokaonetsa ana m'kalasi.

"Bambo," anandiuza tsiku lina, "chaka chatha pakasupe pano ndinkapeza mitundu inayi. Lero ndapeza umodzi wokha. Mitengo mukudulayi itiphera madzi."

Ndinangoseka. Ine ndi amuna anzanga tinkadula mitengo m'phirimo yomangira zigafa za fodya, ndipo sindinaone chifukwa chosiyira.

Patapita zaka ziwiri, kasupeyo anauma m'chilimwe. Azimayi anayamba kuyenda mtunda wautali kukatunga kudambo, ndipo anafunafuna womuloza chala. Kunamveka manong'onong'o akuti aphunzitsi aja ankatola achule kuti atseke madzi ndi mankhwala. Makolo ena analetsa ana awo kulowa m'kalasi mwake.

Akulu ampingo anatiitana tonse awiri. Mkazi wanga anatenga kope lake, nafotokoza tsamba ndi tsamba, koma akuluakuluwo sanaliyang'ane n'komwe. Mmodzi wa iwo, yemwe tinkadula naye mitengo, anatembenukira kwa ine.

"Inu abambo, mumakhala nawo nyumba imodzi. Kodi achulewa amachita nawo chiyani?"

Zoona zake ndinkazidziwa. Koma ndikanazinena, ndikanaulula nkhwangwa yanga ndi ya mkuluyo, pamaso pa anthu omwe ndinkayembekeza kuti andisankha kukhala mkulu wampingo. Ndinazolika.

"Zimenezo akudziwa okha," ndinatero.

Pobwerera sanalire, sanandikalipirenso. Titafika pakhomo anangondifunsa kuti, "M'matope muja simunagwade nane, eti?"



Temu itatha anapempha kuti amusamutse, ndipo anamutumiza ku Kasiya. Ana athu awiri anapita nawo. Ukwati sunathe ayi. Ndimapita kukawaona, amandiphikira, timakambirana za sukulu ya ana, koma kwathu kuno sanapondenso.

Ukulu wampingo ndinaupeza chaka chotsatira. Omwe ankamunena aja ndimakhala nawo pabenchi imodzi Lamulungu lililonse, ndipo amandipatsa moni mwaulemu, ena n'kumafunsa kuti amayi ali bwanji ku Kasiya. Ndimayankha kuti ali bwino. Mpaka lero palibe amene anapitako kukapepesa, ngakhale ine ndemwe.