Mzere wachitatu pa tabuleti

Ntchito ndinaipeza kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Kabwata. Anati ofesi ina ku Longacres ikufuna munthu wokhala pakhomo ndi tabuleti, sukulu si nkhani, bola adziwe kuwerenga. Ine ndinalekera giredi seveni. Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi itatu, bambo ake atatithawa, ndiye ndinamusiya kwa aneba n'kukwera minibasi mtima uli m'mwamba.

Ofesiyo inkathandiza magulu a azimayi. Munthu akabwera, ndinkalemba nambala ya reji yake, chiphaso cha boma chija, n'kudina batani lobiriwira, n'kudikira. Tabuleti inkakafunsa kompyuta yaikulu, kenako pankatuluka mndandanda wa mabungwe onse amene munthuyo analembetsako. Njira yofunsirayo ankaitcha API. Ba Mulenga, amene ankatiyang'anira, anandiuza kuti API siona nkhope. Imangoona tokeni, ndiye kuti kiyi yanga yolowera, ndipo ikakhala yabwino imayankha zonse. "Mwine wa reji afunika ankhale pamene apa," anatero. "Osati mulamu, osati ba pasita."

Koma amuna ambiri ankabwera ndi reji za akazi awo, mkazi ali pamsika kapena wangobereka kumene, ndipo anzanga ankawathandiza. Nanenso ndinazolowera.

Lachitatu lina mzere unafika kunja kwa geti. Neti inkadukaduka, tokeni inatha mphamvu kawiri, anthu akundikalipira, mabere akundiwawa poti sindinayamwitse chiyambire m'mawa. Kenako panafika bambo wina, shati yoyera yosita bwino, kiyi ya galimoto ili m'manja.

"Shani mayo?" anandilonjera. "Ba madamu banga badwala, banituma nione ngati dzina yao ilimo."

Ndinalemba nambala, ndinadina. Panatuluka mizere itatu. Gulu la azimayi la kutchalitchi. Bungwe la ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku City Market. Wachitatu unali nyumba ina ya ku Chelstone yobisa akazi othawa kumenyedwa, pamodzi ndi tsiku limene mkazi wakeyo analowa, sabata yathayo.

Ndisanatembenuze tabuleti, iye anali atajambula kale ndi foni. "Zikomo, mwanithandiza maningi," anatero akumwetulira, n'kutuluka osathamanga n'komwe.

Ndikanena, ntchito yatha, mwana adya chiyani? Ndikakhala chete, mayiyo amupeza lero lomwe. Ndinakhalabe pampando, ndinathandiza anthu ena awiri. Awiri! Kenako ndinasiya mzere n'kukalowa kwa Ba Mulenga osagogoda.

Nditawafotokozera, sanandikalipire. Anangofunsa, "Wayenda liti?"

"Papita ma minitsi twente, ba bosi."

Anaimba foni ku Chelstone. "Muchoseni manje manje. Osalonga katundu."

Mayiyo anamutulutsira kugeti lakumbuyo ndi ana ake awiri, onse opanda nsapato. Bamboyo anafika ndi abale ake n'kuswa zenera la mlonda. Popeza malowo anali atadziwika, nyumbayo inatsekedwa mwezi usanathe, ndipo azimayi onse okhalamo anamwazikira kwina. Kumene mayi uja anapita sanandiuze, ndipo sindinafunse.

Anthu a makompyuta anakonza kuti tokeni ya pakhomo isamatulutsenso mabungwe a mtundu umenewo. Ine sanandichotse ntchito, koma miyezi iwiri ndinkakolopa makolido ndisanagwirenso tabuleti. Palibe mnzanga amene anandinyoza, chifukwa aliyense ankadziwa kuti akanakhala iye.

Kudina batani kuja ndinalakwa chifukwa chotopa ndi kuzolowera, ndipo pang'onopang'ono ndadzikhululukira. Chimene chimandiwawabe ndi china. Ukalakwitsa pa dzina la munthu, usayambe waganiza za ntchito yako, nyamuka pompo ukanene. Mayi uja ndi ana ake anathawa opanda nsapato chifukwa ine ndinakhalabe pampando kuthandiza anthu awiri.