Mwana wa Mainchesi Folotini

"Ndiye mwana ameneyu mundisonyeze, aphunzitsi," anatero a Isake Namakhwa, pepala langa ataligwirira patali ngati likununkha. "Wa mainchesi folotiniyu. Kwawo n'kuti? Amake ndani?"

"Si mwana mmodzi ayi, bambo," ndinayankha. "Ndi avareji. Ndayeza ana onse sikisite kuchokera pansi kufika pabondo, ndaphatikiza manambalawo, kenaka ndagawa ndi sikisite."

"Ndiye mwapeza munthu woti akhale pabenchi?"

"Ndapeza muyeso woyenera onse."

"Ehee. Ku Bulawayo kuli zinthu."

Munali mu Okutobala 1974, m'shedi yawo ya udzu kuseri kwa msika wa Nkando. Ine ndinali ndi miyezi isanu yokha chibwerere kuchokera ku Rhodesia, kumene ndinabadwira ndi kuphunzira. Bambo anga anali mtchona; atamwalira, mayi anati tiyeni kwathu. Kwathu kumeneko ine ndinali ndisanakuonepo. Tsitsi anandimeta pachipata polowa m'dziko ati n'lalitali, Chichewa changa ana ankachiseka, ndipo chilichonse ndinkachiona ngati chikuyenda chogona. Ntchito ndinaipeza pasukulu ina ya pulayimale cha ku Thuchila, kalasi ya Sitandade Wani.

Ana anga ankaphunzira atakhala padothi. Makolo anali atasonkha matabwa a paini okwana mabenchi makumi awiri, osapitirira, moti thabwa likadulidwa molakwika panalibe kokatenga lina. Ahedi, a Makuluni, ntchito yokhoma anaipereka kwa a Isake, ine n'kundiuza kuti ndipereke muyeso poti ndinali ndi masamu a kunja. Atamva kuti kalipentala akukana pepala la mphunzitsi, anatumiza mawu: pofika Lachisanu akapanda kuyamba kudula, matabwa apita kwa mmisiri wina.

A Isake ntchito yaikulu chotere anali asanaigwirepo. Makolo awo anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, iwo n'kubadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi. Sukulu analekezera Sabu B. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala akukhoma mabokosi a tiyi m'fakitale, lililonse lofanana ndi linzake, mpaka tsiku lina anangotenga hamala yawo n'kutsanzika. Chiyambire pamenepo ankapanga zitseko, timipando, ndi mabokosi a maliro akafunika. Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, pensulo kukhutu nthawi zonse, ndipo akamayeza thabwa ankawerenga chamumtima m'Chilomwe, milomo yokha ikugwedera. Mabenchi a sukulu akanawatchukitsa kuyambira Nkando mpaka ku Mishoni. Akazi awo, a Anesi, amene ankagulitsa nanazi pakhomo pa shediyo, ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

"Dulani basi, abambo ake a Millie," anatero a Anesi osatembenuka n'komwe. "Ana akakhala molendewera, ndi anu? Pepala walemba ndi mphunzitsi."

"Bokosi la tiyi limapita ku Ulaya, silibweranso kudzandinena," anayankha a Isake. "Benchi ikhala pompano. Mwana aliyense womva dzanzi adziwa anaikhoma ndani."

"Nanga ntchito ikapita?"

"Ipite."

Ndinachoka nditakwiya. Ndinkati nkhalambayi ikungolimbana ndi sukulu imene sinaiphunzire.

Lachinayi m'mawa ndinangoona njinga yawo itatsamira mtengo wa mango wa pasukulu. Anali atanyamula nsungwi yowongoka, mpeni, ndi thabwa limodzi. Anavula chipewa, napempha ahedi kuti awabwereke ana anga kwa ola limodzi.

"Mwabwera kudzaphunzitsa mphunzitsi, a Namakhwa?" anafunsa a Makuluni.

"Ayi bwana. Ndabwera kudzafuna mwana wina wake. Akuti ali muno."

Ana anatuluka mmodzimmodzi. Aliyense ankaima pafupi ndi nsungwi ija, a Isake n'kutema kachizindikiro pamene palekeza kuseri kwa bondo lake. Sitandade Wani ya masiku amenewo inali ndi tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, tamamina, komanso anyamata oyamba kumera ndevu, amene anachedwa kuyamba sukulu chifukwa cha ganyu. Ine ndinali nditawayeza onsewo ndi rula, manambala ndili nawo m'kope, koma sindinawayang'ane, ndinangothamangira kuphatikiza.

Atatha, anandipatsa nsungwiyo. Zizindikiro zinali zitaunjikana malo awiri. Cha pa mainchesi thwelofu zinali zothithikana moti khungu la nsungwi linachita kunyenyeka. Cha pa seventini panali gulu lina locheperapo. Pakati pake, pa folotini panga paja, nsungwi inali yosalala ngati sinakhudzidwe ndi mpeni.

"Mwana wanu uja wajomba lero, kapena?" anandifunsa a Isake motsitsa mawu, kuti ana asamve.

Kenaka anasanja njerwa mbali ziwiri, nayalapo thabwa lija, naliyeza kuti likwane folotini ndendende. Anaitana kamtsikana kena, Christobel, kuti kakhalepo. Miyendo inangoti lende, zala zikufufuza pansi osapapeza. Anaitananso mnyamata wamkulu kuposa onse. Atakhala, mawondo anakwera ngati munthu wokhala pamtondo wogwa. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo ahedi anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Benchi imeneyi ndi yachilungamo," anatero a Makuluni akupukuta misozi. "Ikuzunza onse mofanana. Nanga inu mukuti titani?"

"Mabenchi aafupi khumi ndi asanu, aatali asanu kumbuyo," anayankha a Isake.

"Aatali asanu okha? Akuluakuluwa alipo oposa makumi awiri."

"Lero, bwana. Mvula ikangogwa, tiyi n'kuphuka, muwaonanso? Dengu kumsana, onse ku esiteti. Apanikizane miyezi iwiri yokhayi. Ang'onoang'onowa ndiwo akhale nanu mpaka chaka chithe."

Ahedi anandiyang'ana. "Aphunzitsi a masamu, mukutipo bwanji?"

Ndinayang'ananso nsungwi ija m'manja mwanga. "Adule mmene akuneneramo," ndinatero.

Loweruka ndinapita ku shedi kuja ndi buku langa la masamu la ku Bulawayo. Ndinawapeza akupala matabwa, a Anesi akuimba nyimbo ya kwaya uku akusenda nanazi. Ndinawauza a Isake kuti zimene anachita zija zili m'buku, ndipo zili ndi dzina. Azungu pocheza amangoti avareji, koma m'kati mwa mawu amenewo muli zinthu zitatu. Kuphatikiza zonse n'kugawa, ngati ndinachitira ine, amati mean. Kundandalika anthu kuyambira wamfupi mpaka wamtali n'kutenga woima pakati penipeni, amati median. Pamene zizindikiro zaunjikana kwambiri, amati mode. Mayeso a zimenezi ndinakhoza bwino, koma palibe anandiuzapo kuti china chimagwira pamene chinzake chakanika.

"Wapakatiyo kwa ana anu akanakhala ndani?" anafunsa.

Ndinali nditawerenga kale. "Christobel yemwe uja. Thwelofu."

"Ameneyo ndiye ndamuona ndi maso, amake ndikuwadziwa." Anauzira utuchi pathabwa. "Ndiye kuti avarejiyu ndi bambo wa ana atatu. Inu munangotuma mwana wolakwika."

"Wanga uja ngwachabe, eti?"

"Ayi, musamunyoze. Misomali ndimagula mwa iyeyo. Benchi ina idya khumi, ina khumi ndi inayi, ndimangoti thwelofuthwelofu n'kupita kwa Amwenye. Msomali ukatsala uku ukathandiza uko. Koma mwendo wa mwana sungabwereke kwa mnzake."

"Mwamva, aphunzitsi?" anatero a Anesi. "Ali m'buku amuna anga. Lachitatu lomweli anatsala pang'ono kutigoneka ndi njala."

"Unkati dulani basi, iwe."

"Ndinkakuyesani."

Mabenchi anafika pa ngolo kumayambiriro kwa Novembala, akununkhira utomoni. Pofika Khirisimasi, kumbuyo kwa kalasi kunatsala anyamata asanu ndi awiri, otambalala ngati mabwana. Kutsogolo tiana tinkalemba mapazi ali pansi. Sukulu zina ziwiri zinatumiza anthu kudzafunsa amene anakhoma, ndipo konse kumene a Isake anapita, ankayamba ndi nsungwi yatsopano.

Ine mtima wofuna kubwerera ku Bulawayo sunathe msanga, koma Loweruka lililonse ndinkapezeka ndili pa shedi paja. Tsiku lina ndinaona timipando tinayi topangidwa ndi zidutswa zotsala. Mayi ankadandaula msana akamasankha nyemba atakhala pamphasa.

"Ndikufuna kamodzi ka mayi," ndinatero.

"Bondo lawo lilekeza pati? Kapena tiphatikize amayi onse a m'mudzi mwanu?"

Ndinatulutsa m'thumba kachingwe ka khonje kamene ndinali nditamanga mfundo m'mawa womwewo, mayi akundifunsa ngati ndapenga. A Isake anakatambasula, nakayeza pa timipando tonse tinayi, nasankha kamodzi. Anakagoneka, nachekako pang'ono miyendo yonse, nakaimika pansi kuti aone ngati sikakugwedera.

Ndinalipira, ndinakamangirira pakaliyala ndi chingwe chomwe chija, ndipo ndinapalasa kulowera kunyumba, phiri lili kumanja kwanga.