Emeliana ndi Tchanelo cha Eni Ake

Tsiku limene anatsitsa mlongoti wake, Emeliana anabisala kuseri kwa kantemba kake kokonzeramo mafoni ku Mpanshya. Mayeso a giredi 12 anali atamukana kale. Mlongotiwo, umene unkagawa intaneti pamsika, ndiwo unali utayamba kumubwezera ulemu.

Cholakwa chake chinali ichi: pofufuza tchanelo, njira ya mafunde a wailesi, choti mlongoti uzigwiritsa ntchito, anapeza china chili zii, nachitenga. Sanadziwe kuti chinali cha kachipatala ka kuseri kwa phiri, kamene kanali ndi chilolezo cha boma ndipo kankalankhulirapo poitana ambulansi basi. Mayi wina woyembekezera atadwalika, wailesi ya kuchipatalako inkangochita phokoso. Mayiyo anapulumuka, koma atanyamulidwa panjinga.

Ba Cephas a ku ofesi yoyang'anira mafunde a wailesi ku Lusaka analondola phokosolo mpaka pamsika.

"Munda ukakhala wosalimidwa, ndiye kuti ulibe mwini?" anafunsa motero.

"Sindinadziwe, ba Cephas."

"Manje wadziwa. Tsitsa."

Anyamata a pamsika sanamusiye. "Ba injiniya, netiweki yapita kumaliro kapena?"

Manyazi atachepa, Emeliana anapalasa njinga kukaonana ndi ba Rosina, namwino wa kachipatala kaja.

"Ndiwe unatseka pakamwa wailesi yanga?"

"Ndine, ba sisita. Ndionetseni malire anu, ndisadzawapondenso."

Ba Rosina anamukokera mpando.

Kuchokera pamenepo mtsikanayo anayendera aliyense wokhala ndi mlongoti m'deralo, kufunsa kuti ndani ali pa tchanelo chiti. Anaphunzira matchanelo ololedwa kwa aliyense, kuchepetsa mphamvu ya makina, ndi kulozetsa mlongoti kumene ukufunika kokha. Atapempha kuyambiranso, ba Cephas anakana. Iye anapitiriza kuphunzira, napemphanso.

Mvula itatha, ba Cephas anabwera. Anamuuza kuti ayatse makina ake, iwo n'kuitana kuchipatala pa wailesi.

"Ndikukumvani ngati muli pakhomo pano!" anayankha ba Rosina.

Ba Cephas anamwetulira. "Kweza mlongoti wako, mwana."

Lero wofuna kuimika mlongoti cha kumeneko amayamba wafika pa kantemba ka Emeliana kudzafunsa, ndipo ambulansi ikaitanidwa imamva.

Inunso mwina munalakwitsa anthu akuona. Pitani kwa amene munawalakwira, funsani zimene simunkazidziwa, muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye.