Chikopa cha Mpando wa Bambo

Bambo anga atasiya kuyendetsa chifukwa cha vuto la maso, anandipatsa galimoto yawo. Chikopa cha mpando wa dalaivala chinali chitatamuka, chitachita makwinya pomwe ankakhala zaka zonsezo. Loweruka lina tinapita nayo ku Chinamwali kwa mmisiri wosoka mipando.

Mmisiriyo anayala nsalu yonyowa pachikopapo, n'kumasita pang'onopang'ono ndi nsimbi yamakala. Bambo anaima pambali, manja kumbuyo.

"Musachikunge kwambiri, achimwene," anatero. "Mwana wangayu nayenso adzanenepa."

Tonse tinaseka. Chikopa chitauma chinasalala bwino, mmisiri n'kuchipaka mafuta.

Masana omwewo ndinakwera nawo phiri la Zomba. Pakona iliyonse ankandiuza posinthira giya, ine n'kumangoti, "Chabwino, bambo," ngakhale msewuwo ndimaudziwa bwino.